Final Fantasy ya pa NES: pomwe tafika, kuchokera ku Coneria mpaka pansi pa nyanja

Ntchito yathu ndi yosewera Final Fantasy yoyamba kuchokera pachiyambi mpaka kwa mdani womaliza, Chaos, ndi kulemba paliponse pomwe tadutsa kuti ndalama ziyenera kupita pa chiyani, nanga ndi pati pomwe zingangotayika. Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Square motsogozedwa ndi Hironobu Sakaguchi, inatuluka ku Japan pa 18 December 1987 pa makina a Famicom, ndipo ya Chingerezi inafika ku America mu 1990. Tikusewera ya 1990 ya pa NES (Famicom ya ku America), choncho mayina a malo, zida ndi matsenga talemba monga akuonekera pa sikirini. Mitundu ina yomwe inabwera pambuyo pake, ya pa PlayStation, Game Boy Advance ndi Pixel Remaster, inasintha zambiri, ndipo zomwe zili pano musazitengere kumeneko.

Chomwe chikutichititsa kulemba mwatsatanetsatane n'chakuti mu gemuyi muli matsenga ndi malupanga angapo omwe sachita zomwe dzina lake likulonjeza, chifukwa cha zolakwika za mu pulogalamu. Ndalama nazo n'zosowa kwambiri mu theka loyamba. Munthu wogula potsatira mayina amataya ma G (ndalama za mu gemuyi) ambiri pa zinthu zakufa.

Pakadali pano mwa mabwana, omwe ndi adani akuluakulu, Lich, Kary ndi Kraken agwa. Atsala Tiamat ndi Chaos.

Gulu lathu ndi 400 G zoyambira

Tinasankha Fighter, Black Belt, White Mage ndi Black Mage, ndipo tinawandandalika momwemo. Malo a munthu pamzere ndi nkhani yaikulu: adani amamenya woyamba pafupifupi theka la nthawi, wachiwiri gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo awiri otsalawo amagawana chotsalacho. Wolimba akhale pamwamba nthawi zonse.

Ndalama zoyambira tinazigawa motere ku Coneria. Fighter: lupanga la Rapier la 10 G ndi chovala cha Chain cha 80 G. Black Belt: nunchuck yamtengo ya 10 G ndi chovala cha Wooden cha 50 G. White Mage: hamala ya Iron ya 10 G ndi CURE ya 100 G. Black Mage: kampeni ka 5 G ndi FIRE ya 100 G. Zonse pamodzi ndi 365 G, ndiye pamatsala 35 G, yokwana kugona kamodzi ku nyumba ya alendo pa 30 G, komwenso ndi kumene gemu imasevedwa. Kugula chida si kuchigwira. Muyenera kulowa pa WEAPON ndi pa ARMOR n'kusankha EQUIP, apo ayi munthu wanu apita kunkhondo lupanga lili m'chikwama.

Mwa matsenga a level 1, LOCK musagule: sagwira mdani ngakhale kamodzi. Munthu aliyense amaloledwa matsenga 3 okha pa level iliyonse, ndipo tsenga lomwe waphunzira silifufutika, ndiye malo omwe LOCK watenga apita mpaka kalekale. Black Mage wathu ali ndi FIRE, LIT ndi SLEP. White Mage ali ndi CURE, HARM ndi RUSE.

Bwana woyamba, Garland, yemwe anaba Sara mwana wa mfumu, ali ndi 106 HP (nambala ya moyo) ndipo pa level 3 sanavute. Mukabwerera kunyumba yachifumu lankhulani ndi Sara kuti akupatseni LUTE, chifukwa popanda iyo simudzalowa ku gawo lomaliza. Mfumu ikamanga mlatho, njira ya kumpoto imatseguka.

Pali lamulo limodzi lomwe liyenera kulowa m'mutu kuyambira pa ma Imp oyambirira. Anthu awiri akalunjika mdani mmodzi, woyamba n'kumupha, wachiwiri sasamukira kwa mdani wina. Amamenya mphepo ndipo pamatuluka mawu oti Ineffective. Zimachitikanso ndi matsenga, ndipo pamenepo mphamvu ya tsengalo yapita. Choncho HP ya mdani aliyense muidziwe, n'kugawa nkhonya molingana. Ku Pravoka achifwamba a Bikke alipo 9, aliyense 6 HP, ndipo munthu aliyense alunjike wake. Akagonja, sitima ndi yanu.

M'sitolo ya ku Pravoka tinagula chovala cha Iron cha 800 G, chomwe chimakweza Absorb (chitetezo ku nkhonya) ya Fighter kuchoka pa 15 ya Chain kufika pa 24, ndi matsenga a ICE, MUTE ndi ALIT pa 400 G lililonse. TMPR imanenedwa kuti imawonjezera mphamvu ya chida, koma pa NES sichita kanthu.

Elfland, komwe ndalama zimathera

Gawo ili ndi lomwe latenga nthawi yaitali kuposa onse, ndipo ndi pomwe anthu ambiri amasiyira gemuyi. Mitengo imalumpha mwadzidzidzi. Matsenga a level 3 ndi 1500 G lililonse, a level 4 ndi 4000 G, lupanga la Silver ndi 4000 G, kugona ndi 100 G, kudzutsa wakufa ndi 200 G. Pomwe mdani wolemera wa m'nkhalango zozungulira, Ogre, amapereka 195 G basi.

Tinagula motsatana chonchi, ndipo titayambiranso tingatsate ndondomeko yomweyi. Choyamba lupanga la Silver, lomwe lili ndi Damage 23 ndi Hit 15. Limafulumizitsa nkhondo iliyonse yotsatira, ndipo likhala m'manja mwa Fighter kwa nthawi yaitali. Chachiwiri FIR2, yomwe imamenya adani onse pakamodzi ndi mphamvu ya pakati pa 30 ndi 120. Black Mage amayamba kuigwiritsa ntchito pa level 5. Kenako LIT2 ndi CUR2. Pomaliza FAST, pa level 8. FAST imachulukitsa kawiri maulendo omwe munthu amamenya pa raundi imodzi, ndipo pa mabwana onse a mu gemuyi palibe tsenga lina lopindulitsa kuposa ili. LOK2 ndi yoipa kuposa LOCK: m'malo mochepetsa kuzemba kwa mdani, imakuwonjezera. PURE ya 4000 G tinaidumpha, chifukwa mankhwala a PURE, ochotsa poizoni, ndi 75 G okha ndipo amagwira ntchito yomweyo.

Nambala ya Intelligence yomwe ili pa STATUS siwerengedwa paliponse powerengera mphamvu ya matsenga. FIR2 ya Red Mage ndi ya Black Mage n'chimodzimodzi. Phindu la Black Mage ndi lakuti amafika msanga pa level za matsenga apamwamba ndiponso ali ndi maulendo ambiri owagwiritsira ntchito, osati kuti moto wake ndi waukali. Maulendowo amawerengedwa pa level iliyonse ya matsenga payokha, sapitirira 9, ndipo FIR2 ndi LIT2 zimadyera m'mbale imodzi.

Kopeza ndalama kulipo kutatu. Ma Ogre ndi ma Creep pafupi ndi Elfland ndi otetezeka koma ochedwa. Panyanja ma Kyzoku amapereka 120 G aliyense ndipo amabwera m'magulu, kungoti sapezeka pafupipafupi. Kwachitatu ndi kansonga ka mtunda kumpoto chakum'mawa kwa Pravoka. Mapu a dziko anagawidwa m'zigawo, 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi adani ake. Nsonga yeniyeni ya mtundawu inalowerera m'chigawo cha dziko la kumpoto, lomwe munthu amayenera kufikako mochedwa kwambiri. Poponda pang'ono pokha pamenepo pamatuluka ma ZomBull, a 224 HP, omwe amapereka 1050 EXP (mapointi okwezera level) ndi 1050 G aliyense. Ndi akufa oyendayenda, ndiye FIR2 ndi HRM2 zimawapweteka kwambiri. Pomwepo palinso ma FrWolf omwe mpweya wawo wozizira umamenya gulu lonse, ndipo ma mage awiri a HP yochepa sapirira. Njira yomwe yatithandiza ndi kugwiritsa ntchito TENT ya 75 G pamunsi pang'ono pa nsongayo kuti gemu isevedwe, kumenya nkhondo imodzi kapena ziwiri, kenako kubwerera kukagona ku Pravoka pa 50 G. Musanakhale ndi FIR2 musapiteko.

Za Black Belt: cha m'ma level 8 kapena 9 mulandeni nunchuck. Akamamenya chimanjamanja Damage yake ndi level kuchulukitsa kawiri, ndipo maulendo omenya amawirikizanso kawiri. Akakhala wosavala chodzitetezera chilichonse, Absorb yake imafanana ndi level yake, koma chinthu chimodzi chokha, ngakhale magolovesi, chimathetsa zimenezo. Pomwe tafika pano zovala zake zimaposa level yake, ndiye wavala. Apa palinso cholakwika: akakwera level, gemu imasokoneza Absorb yake, ndipo imabwerera m'malo mukangotsegula ARMOR n'kutulukamo. Tazolowera kutero akangokwera.

Marsh Cave ndi Astos

Tinalowa mu Marsh Cave pa level 10 ndi mankhwala a HEAL 99 ndi a PURE oposa 20. HEAL ndi 60 G limodzi, ndiye 99 ndi 5940 G, ndipo sitolo imagulitsa limodzilimodzi, palibe njira yachidule. Kunja kwa nkhondo limodzi limabweza 30 HP.

Phangali lili ndi nsanjika 3 zotsika pansi, ndipo chomwe chimapha anthu si mdani mmodzi wamkulu koma kutha kwa katundu. Poizoni amadya 1 HP pa sitepe iliyonse. Choopsa kwambiri n'chakuti nkhondo ikatha, gemu imatsitsira pansi pa mzere munthu aliyense yemwe ali ndi poizoni, wasanduka mwala kapena wafa. Fighter akalumidwa ndi kangaude, mumapezeka kuti White Mage ali pamwamba ndipo akulandira nkhonya zambiri. Mukamuchiza, dinani SELECT n'kubwezeretsa mzere musanayende. Scum ali ndi 24 HP yokha koma lupanga silimulowa. FIRE imamumaliza, ndipo ngati mukusunga matsenga, thawani. Ma Ghoul ndi Crawl amaumitsa thupi, ndipo gulu lalikulu la iwo likayamba kumenya lingathe kuumitsa anthu onse anayi. HARM ndi HRM2 zisungidwire akufa oyendayenda monga ma Ghoul.

Pothawa, sankhani RUN ndi anthu awiri apamwamba. Gemu inayenera kuyerekeza Luck ya munthu ndi level yake, koma imawerenga malo olakwika: kwa munthu woyamba imayang'ana momwe alili wachitatu, kwa wachiwiri momwe alili wachinayi. Ma mage akakhala abwinobwino, Fighter ndi Black Belt amathawa mosavuta.

CROWN ili m'chipinda cha pansi penipeni, ndipo poponda patsogolo pa bokosilo pali ma Wizard, pakati pa 2 ndi 4, a 84 HP aliyense. Sachita matsenga ngakhale dzina likutero, amangomenya mwamphamvu kawiri pa raundi, ndipo sathawika. Moto ndi chisanu amazipirira, choncho LIT2 ndiyo yoyenera, ndipo Black Mage afike pamenepa ali ndi maulendo osachepera awiri a level 3. Mukatenga chisoticho musapondenso malo omwewo, chifukwa nkhondoyo imabwereranso. Kutuluka ndi kwa miyendo, njira yomwe munalowera, ndiye theka la mankhwala likhalepo pofika pa bokosi. Zipinda zokhoma zisiyeni kaye.

Astos, bwana yemwe amalimbana nanu mukamubweretsera CROWN, ali ku Northwest Castle, 168 HP, Absorb 40. Tsenga lake loyamba ndi RUB, lomwe limapha munthu mmodzi nthawi yomweyo likagwira. Sevani ndi TENT pakhomo. Raundi yoyamba: FAST pa Fighter, MUTE, yotseka matsenga, pa Astos. MUTE ikagwira nkhondo yatha, ikaphonya yesaninso uku Fighter akutema. Amasiya 2000 G ndi CRYSTAL.

Kuchokera apo ndi ulendo wotumikira basi: CRYSTAL kwa Matoya, iye apereka HERB, HERB kwa kalonga wogona wa ku Elfland, iye apereka KEY. Ndi KEY tsegulani mosungira chuma ku Coneria mutenge TNT, mukapereke kwa Nerrick ku phanga la ma Dwarf, aphulitse ngalande yotulukira ku nyanja yaikulu.

Zipinda zokhoma zimapereka malupanga a mayina okopa: Were, Rune, Dragon. Lililonse linayenera kupweteka kwambiri mtundu wina wa adani, koma pa NES mphamvu yapaderayo sigwira ntchito pa chida chilichonse. Yerekezani Damage ndi Hit zokha. Were ndi Rune ali pa 18, Dragon pa 19, onse pansi pa Silver. Tinawagulitsa. Zomwezo zikukhudza Coral, Giant, Flame, Ice ndi Sun kutsogoloku: Ice ndi labwino chifukwa cha Damage 29 ndi Hit 25, osati chifukwa cha kuzizira kwake. Zovala zokha ndi zomwe zimasunga lonjezo. Chovala cha Ice chimachepetsadi moto.

Melmond ndi Earth Cave

Ku Melmond kulibe chipatala ndiponso kulibe sitolo ya mankhwala. Dzazani HEAL musanawoloke ngalande, ndipo gulani SOFT ziwiri kapena zitatu ku Elfland pa 800 G imodzi, chifukwa m'nsanjika zapansi za Earth Cave muli mbalame za Coctrice zosandutsa munthu mwala. Matsenga a level 5 ndi 8000 G ndipo amatseguka pa level 12. Tinayamba ndi LIFE, chifukwa popanda iyo munthu akafa ndi ulendo wa pa sitima kukafuna chipatala. Dziwani kuti LIFE ndi SOFT zimagwira ntchito kunja kwa nkhondo kokha. Kenako FIR3, yomwe imafika pakati pa 50 ndi 200, ndi HEL2. HEL2 ili ndi cholakwika chotikomera: mkati mwa nkhondo imachiza ngati HEL3, yomwe ku Onrac ndi 45000 G. Chovala cha Steel cha 45000 G chili ndi Absorb 34, koma ndalama zimenezo zikukwana matsenga asanu a level 5, ndiye sitinachigule. Zibangili za Silver za 5000 G, za Absorb 15, ndizo zinapita kwa ma mage.

Mu Earth Cave amalowamo kawiri. Ulendo woyamba umathera pa nsanjika yachitatu kwa Vampire, 156 HP, yemwe moto ndi HRM2 zimamumaliza msanga. RUBY yomwe ili m'bokosi lake mukampatse Titan adye kuti akupatseni njira, Sarda akupatseni ROD, ndipo ROD ndi yomwe imaswa mwala wa kuseri kwa chipinda cha Vampire. Pa nsanjika yoyamba, mbali ya kumadzulo, pali kanjira komwe pafupifupi sitepe iliyonse ndi nkhondo ya ma Giant, a 240 HP, opereka 879 EXP ndi 879 G aliyense. Kulibe chuma kumeneko, koma n'pafupi ndi khomo, ndipo ndi komwe tinapezera ndalama za matsenga a level 5.

Lich ali ndi 400 HP, amayamba ndi ICE2, ndipo dzanja lake limaumitsa thupi. FAST pa Fighter, FAST pa Black Belt, kenako FIR3 ndi HRM2. Tinamugwetsa pa level 14. Kuseri kwake kuli poponda potulutsira panja.

Chifukwa chomwe tinadumphira phiri la moto

Ku Crescent Lake mmodzi wa anzeru omwe aima mozungulira amapereka CANOE, ndipo nkhani imakulozerani ku Gurgu Volcano. Gemu sikukakamizani kutero. Ndi bwato, sitima ingathe kuima pa mathiriro a mtsinje uliwonse, ndipo izi zimatsegula Castle of Ordeals kumpoto ndege isanapezeke. Tinayamba kumeneko, kenako Ice Cave, kenako Bahamut, phiri n'kubwera pambuyo. Tikuona kuti ndondomeko imeneyi ndi yabwino kuposa ya nkhani.

Ku Castle of Ordeals amafuna muonetse CROWN. Nsanjika yachiwiri ndi ya zipilala zosamutsa munthu, ndipo cholakwika chimakubwezani kumbuyo. Ma Medusa ndi oopsa chifukwa cha mwala. Mphoto yake ndi yaikulu: lupanga la Ice, chibangili cha Gold, golovesi ya Zeus, ndodo ya Heal, ndi TAIL yomwe amailondera ma ZombieD. Zeus ndi ndodo ya Heal zimasintha kaseweredwe konse. Mukazisankha pa ITEM mkati mwa nkhondo, Zeus imaponya LIT2 ndipo ndodoyo imaponya HEAL pa gulu lonse, popanda kutha ndiponso popanda kudya mphamvu za matsenga. Sizifunika kuvalidwa, zingokhala m'katundu wa munthuyo. Munthu aliyense ali ndi malo 4 a zida ndi 4 a zovala, ndiye muganize bwino yemwe asunge chiyani. Ndodo tinapatsa White Mage, Zeus tinapatsa Black Mage, ndipo kuyambira pamenepo ma mage ali ndi chochita pa raundi iliyonse. Malo opanda kanthu a Black Belt ndi omwe timasungamo zokagulitsa.

Ice Cave ndi malo oopsa kuposa onse omwe tadutsa, ndipo level siteteza mokwanira. Ma Sorcerer ali ndi 112 HP, kukhudza kwawo kungathe kupha nthawi yomweyo, ndipo ali ndi mphamvu youmitsa gulu lonse. Adani otchedwa Mage amaponya RUB ndi matsenga akuluakulu. Magulu a akufa oyendayenda amabwera ochuluka. Lamulo lathu muno linali kuthawa chilichonse chothawika, kusatsegula mabokosi akutali pa ulendo woyamba, ndi kuseva pakhomo. FLOATER, yomwe imatulutsa ndege, mumaiona msanga, ili pakati pa maenje, koma simungaifikire molunjika. Mumagwera pansi dala, kudutsa pa madzi oundana omwe amadya HP, kukwera masitepe ena, n'kugweranso pa dzenje lomwe likutsitsirani pafupi ndi bokosilo. Amalilondera Eye, 162 HP, wokhala ndi matsenga opha; Fighter ndi Black Belt amumenye onse pa raundi yoyamba. Amapereka 3225 EXP ndi 3225 G, ndipo amabweranso mukapondanso pamenepo. Ena amakwezerapo level, koma kumbukirani kuti m'phanga simungaseve, ndipo RUB imodzi pa White Mage imakusiyani opanda LIFE. Chovala ndi chishango cha Ice zilinso muno, ndipo ndi chifukwa china chobwerera kuno musanapite kumoto.

FLOATER imagwiritsidwa ntchito m'chipululu cha Ryukahn, kumwera kwa Crescent Lake, ndipo ndege imatuluka mumchenga. M'mwamba mulibe adani, koma imatera pa udzu wosalala pokha. TAIL ipite kwa Bahamut pa zilumba za Cardia, yemwe amasintha munthu aliyense kukhala wa mtundu wapamwamba. Gulu lathu tsopano ndi Knight, Master, White Wizard ndi Black Wizard. Manambala a pa STATUS sakwera pa kusinthaku. Chomwe chimatseguka ndi zida ndi matsenga. Knight amaphunzira ena mwa matsenga oyera a level 1 mpaka 3, ndipo RUSE pa iye ndi yothandiza kwambiri chifukwa imawonjezera 80 pa kuzemba kwa munthu amene amamenyedwa kwambiri. EXIT, ya 20000 G ku Crescent Lake, imatheka tsopano, ndipo imathetsa vuto loyenda wapansi potuluka m'phanga. Pali chotayika chimodzi chobisika: chitetezo cha Black Belt ku matsenga chimakwera ndi 4 pa level iliyonse, koma cha Master ndi 1 yokha. Sitinachedwetse kusinthaku chifukwa cha zimenezo, popeza anthu atatu enawo amapindula kwambiri, koma ndi chifukwa chake Ribbon yoyamba, chovala choteteza ku matsenga ambiri, inapita kwa Master.

Phiri la moto litabwera linali lopepuka. Chiphala chimadya 1 HP pa sitepe, koma pa chiphala sipatuluka adani, ndiye kuyenda pamoto n'kotchipa kusiyana ndi kukulambalala. Kary ali ndi 600 HP ndipo amamenya mpaka maulendo 6 pa raundi. AFIR, yochepetsa moto, pa raundi yoyamba, FAST, basi.

Kumpoto ndi Sea Shrine

BOTTLE imagulidwa 50000 G kwa wamalonda wa m'chipululu chapafupi ndi Onrac. Mukaitsegula, kamzimu komwe kanali m'katimo kamabwerera ku kasupe wa ku Gaia n'kukupatsani OXYALE, yomwe imakulolani kutsika pansi pa nyanja kuchokera ku Onrac. Ku Gaia komweko kuli ProRing ya 20000 G, yoteteza ku matsenga opha nthawi yomweyo monga RUB. Aliyense wopanda Ribbon akhale nayo. Musanatsike, pitani ku phanga la kuseri kwa mathithi kumpoto kwa Onrac: kuli Ribbon, lupanga la Defense lomwe limaponya RUSE pa ITEM, ndi loboti yopereka CUBE.

Pa matsenga a level 7, a 45000 G, tatenga CUR4 ndi ICE3. SABR ndi yakufa ngati TMPR, ndipo golovesi ya Power ya mu Sea Shrine, yomwe imaponya SABR, ilibenso ntchito pa ITEM.

Sea Shrine ili ndi njira ziwiri kuchokera pomwe mumafikira. Yokwera imapita kwa ma mermaid, komwe kuli SLAB ndi zovala za Opal. Iyi ndiyo yoyamba, kenako EXIT, kugona ku Onrac pa 300 G, n'kubwerera kudzatsika. Adani ambiri a m'madzi amaopa mphezi, ndiye Zeus imagwira ntchito pafupifupi nkhondo iliyonse. Ma Ghost okha ndi omwe amamenya moopsa, ndipo nkhwangwa ya Light yomwe imapezeka momwemo imaponya HRM2 pa ITEM. Ndodo ya Mage imaponya FIR2. Ribbon yachiwiri ili m'njira yotsika. Kraken ali ndi 800 HP ndipo amamenya mpaka maulendo 8, zomwe zingathe kugwetsa mage pa raundi imodzi. INV2, yowonjezera kuzemba kwa gulu lonse, poyamba, FAST pa Knight ndi Master, kenako LIT3. Anagwa tili pa level 25.

Za kuseva, popeza tayamba kudalira HOUSE ya 3000 G: imabweza HP ndi mphamvu za matsenga, koma imaseva gemu isanabweze matsengawo. Mukazima makina pamenepo, mudzapeza HOUSE yapita koma matsenga sanabwerere. Mukatha HOUSE gwiritsaninso ntchito TENT kuti isevenso. Katiriji ili ndi malo amodzi okha osevera, oyendera batire, ndipo pozimitsa NES gwirani RESET uku mukudina POWER.

Zotsala

SLAB ipite kwa Dr. Unne ku Melmond kuti tiphunzire chilankhulo cha ku Lefein, komwe akatipatse CHIME yotsegulira Mirage Tower. Ku Lefein kulinso NUKE ndi LIF2 pa 60000 G lililonse, ndipo ma wizard athu angofika kumene pa level yowalola matsenga a level 8. XFER ya ku Gaia sitigula, chifukwa sigwira ntchito pa adani. FADE ndi WALL ndizo zili pa mndandanda. Mu Mirage Tower muli malupanga a Vorpal ndi Sun, ndipo Knight atenga Sun, la Damage 32. Vorpal linayenera kutchuka ndi nkhonya zoopsa, koma gemu imawerenga nambala ya chida pa mndandanda m'malo mwa nambala yomwe inakonzedwera zimenezo, ndiye limangotsala lupanga la Damage 24.

CUBE itikweza ku Sky Palace, komwe kuli Ribbon yachitatu, hamala ya Thor, malaya a White ndi Black, ndi ADAMANT yoti wosula wa ku phanga la ma Dwarf apangire Xcalber. Pa mlatho wautali wopita kwa Tiamat pamatuluka WarMECH mwa apo ndi apo, wa 1000 HP ngati Tiamat yemwe, ndipo tiwoloka ndi HP yodzaza. Tisanalowe mu Temple of Fiends yakale tikufuna level 30, HEAL 99, ProRing pa munthu mmodzi yemwe adzatsale wopanda Ribbon, ndi maulendo onse a FAST osungidwira mabwana asanu: anayi aja omwe amabweranso ali amphamvu, Lich ataphunzira NUKE, ndi Chaos wa 2000 HP yemwe amadzichiza ndi CUR4 nkhondo ikatalika.